Mapepala Okulungira Zitumbuwa

Mdzukulu wanga ndiye wandikakamiza kuti ndinene, atandiona dzulo ndikununkhiza pepala la zitumbuwa ngati wamisala. Fungo la mafuta papepala limandibweza kutali, inu.

Tinali titangosamuka ku Zomba, likulu likubwera kuno ku Lilongwe. Katundu anali akadali m'makatoni, fumbi lokhalokha, madzinso ovuta, koma izo ndi zina. Bambo anali kalaliki wa boma, koma ankalemba ndakatulo zolira anzawo amene ankangosowa. Masiku amenewo ukalemba zotere, galimoto inkabwera kudzakutenga.

Mayi sankadziwa kuwerenga. Anapeza mapepala m'katoni, n'kukulungira zitumbuwa zomwe tinkagulitsa kumsika wa ku Area 1.

Bambo pochokera kuntchito anapeza katoni yopanda kanthu.

"Amake mwana, mapepala anga ali kuti?"

"Olembalemba aja? Ndakulungira malonda. Lero zayenda bwino, zatha zonse, apolisi omwe agula."

Bambo sanakalipe. Anavala juzi mkati mwa jekete, poti kundende kumazizira, n'kukakhala pakhonde, maso kumsewu. Mayi anawabweretsera tiyi. Bambo anangogwira kapu m'manja mpaka tiyiyo anapola.