Envulopu Yosatsegula

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene maso a bambo anga anayamba kuchita ng'ala, ndipo odziwa chinsinsi chimenechi tinali atatu okha: iwo, amayi ndi ine.

Ababa, Che Saidi, ankayang'anira kabwalo ka ndege ka fumbi m'mbali mwa nyanja, ulendo wa maola awiri pa njinga kuchokera pa Boma la Mangochi. Tindege ting'onoting'ono tinkatera pamenepo kawiri kapena katatu pa sabata. Anthu ankawaseka kuti analembedwa ntchito yopirikitsa mbuzi, ndipo mbuzi ankapirikitsadi, koma chimene iwo ankanyadira chinali buku. Linali lalikulu, lakuda, la mphete zachitsulo, ndipo linkakhala pa tebulo m'kanyumba kawo ka malata. M'menemo munali mapu a oyendetsa ndege: phiri ili ndi lalitali chonchi, apa usatsike kupitirira apa, wailesi ya uku nambala yake ndi iyi. Woyendetsa ndege akalowa mu mtambo saona kanthu. Amangokhulupirira pepala.

Pakatha masabata anayi aliwonse kunkabwera envulopu yakhaki kuchokera ku likulu, muli masamba atsopano. Ntchito yake inali ndi mwambo. Utsegule mphete, uchotse tsamba lakale, ulowetse latsopano, uchonge pa ndandanda ya kutsogolo kwa buku, kenako masamba akalewo ukawatenthe kuseri, lisatsale ngakhale limodzi.

"Pepala silinama dala, Asiyatu," ankatero Ababa. "Limangokalamba. Koma likakalamba limapha."

Manambala atayamba kuwasokonekera, ine ndinasanduka maso awo. Ndikaweruka ku madrasa ndinkathamangira ku bwaloko, n'kusintha masamba, n'kuchonga, kenako n'kuika chala chawo pomwe ayenera kusaina. Ndinkadzimva ndithu. Anzanga ankadziwa kusenda chinangwa, ine ndinkadziwa kutalika kwa mapiri.

Envulopu ina inafika masana, mawa lake kuli Idi. Inali yonenepa kuposa zonse. Anzanga anali atandiitana kale kuti tikapake hina m'manja, ndipo diresi langa latsopano linali likundidikira kwa telala. Ababa anali kumapeto kwa bwalo, akutchetcha udzu. Ndinaiyang'ana envulopuyo, ndinayang'ana dzuwa, mtima n'kundiuza kuti mapiri sasuntha tsiku limodzi. Ndinachonga ndandanda yonse osatsegula kanthu, envulopu n'kuiponya kuseri kwa kabati. Ndiye ndinang'amba kope langa lakale la masamu n'kukalitentha kuseri, kuti Ababa amve fungo la utsi.

Anabwera akupukuta thukuta, n'kununkhiza.

"Wasintha?"

"Ndasintha, Ababa."

"Alhamdulillah. Thamanga, mwana wanga, anzako angakusiye."

Ndinagwira chala chawo, ndinachiika pa mzere, iwo anasaina.

Ndinkati ndikonza Idi ikangotha. Koma mphete za bukulo zinkalira kwambiri pozitsegula, ndipo Ababa, amene maso anawathawa, makutu anali nawo akuthwa. Tsiku lililonse ndinkawapeza ali m'kanyumbamo, tsiku lililonse ndinkati mawa. Zengerezu analinda kwawukwawu.

Tsiku lachisanu ndi chinayi kunatera woyendetsa ndege wachinyamata, wodzatenga wodwala. Inali nyengo yotentha tchire, ndipo utsi unali utaphimba mapiri onse moti ngakhale tsidya la nyanja silinkaoneka. Buku lake anali ataliiwala m'ndege ina, choncho anapempha lathu, nakopera manambala a njira yake papepala. Sankadziwa, ndipo ifenso sitinkadziwa, kuti paphiri lina la m'njira imeneyo anali atamangapo nsanja ya mafoni, ndipo ndege zinalamulidwa kudutsa pamenepo m'mwamba kuposa kale. Nkhani imeneyi inali kuseri kwa kabati.

Mulungu anachita chifundo. Mnyamatayo anaiona nsanjayo itatsala pang'ono kumukhudza phiko, n'kuikhotetsa ndege. Palibe anafa. Koma atafika anakanena, monga anayenera kuchitira.

Patapita masiku awiri kunabwera bwana woyendera mabwalo. Ine ndinali pakhomo, fulasiki ya tiyi wa Ababa ili m'manja, hina isanafufutike n'komwe. Bwanayo anatsegula buku, nalitembenuzira kwa iwo.

"Che Saidi, tawerengani tsiku lalembedwa pansi pa tsambali."

Ababa analiyandikiza kumphuno. Analitalikitsa. Malata ankathetheka ndi dzuwa, ndipo kunja mbuzi inalira.

"Bwana, sindikunamizani. Maso anapita. Chatha chaka."

"Nanga wachonga apa ndani?"

"Amene wasaina ndine."

"Envulopu ili kuti?"

"Mlandu ndi wanga, bwana. Lembani choncho."

Mawu anali pakhosi panga. Akanangotuluka atatu okha: ndinachonga ndine, bwana. Koma ndinangoti chilili, nditakumbatira fulasiki, ndipo Ababa sanatembenukire kumene ndinali ngakhale kamodzi. Anatulutsa makiyi m'thumba n'kuwaika pa tebulo, pambali pa buku limene analisamala zaka makumi awiri. Pobwerera kunyumba anandigwira paphewa kuti ndiwatsogolere. Njira yonse ndinkadikira kuti dzanja lawo lindifinye, kapena andifunse. Anangondiuza kuti ndiziwachenjeza pakakhala mwala.

Zaka zotsatira anazithera pakhonde, akusokera asodzi maukonde mongopapasa. Ndege ikamadutsa singano inkaima, iwo n'kudzutsa mutu, kuimvetsera mpaka itazimirira. Zimenezo ndinkazipenya. Ndinkadzinamiza kuti mwina amaganiza kuti envulopu inasochera, kuti mwina utsi uja anaukhulupirirabe. Kangapo konse ndinakhala pafupi nawo kuti ndiulule, kangapo konse ndinathera kuwafunsa ngati akufuna madzi.

Anamwalira ine ndili ku koleji ku Lilongwe. Ndinafika ataikidwa kale, poti kwathu maliro sagona. Sadaka itatha, amayi anandiitanira kuchipinda n'kutsegula kabokosi kawo kachitsulo. Munali kofia yawo, mikanda yawo yopempherera ya tasibihi, ndipo pansi penipeni envulopu yakhaki, yosatsegula, yodyedwa ndi chiswe pakona.

"Anaipeza tsiku lomwe anakatenga katundu wawo m'kanyumba muja," anatero amayi. "Anati ndidzakupatse iwo atapita. Ankaopa kuti ungamachite manyazi pamaso pawo."

Ndinalira kulira kumene sindinalire ngakhale pamanda.

Lero ndimagwira ntchito mu ofesi yokonza masamba atsopano a mabuku a ndege aja. Zambiri tsopano zimayenda pa kompyuta, koma masabata akadali anayi omwe aja, ndipo anzanga amandidandaula kuti ndimabwereza nambala iliyonse katatu ngati munthu wosakhulupirira maso ake. Sadziwa. Ndinazindikira mochedwa kuti mnyamata uja mu utsi ndi Ababa m'kanyumba muja anali pa vuto limodzi: onse sankaona, onse anadalira ine. Wina anapulumuka. Winayo analipira m'malo mwanga, n'kundibisira kuti akudziwa, kuti ndikule mutu uli m'mwamba.

Envulopu ija ili m'dilowa yanga. Masabata anayi akakwana, ndikamaliza tsamba lomaliza, ndimamva funso lawo lija, "Wasintha?" Ndimayankha motsitsa kuti ndasintha, Ababa. Tsopano ndi zoona, koma woti amve kulibe.