Amayi Anayamba Ndiwo Kuvula Bulauzi

Ndikukumbukira mwezi wa Okutobala, chaka chimene ndinali mu giredi 10 ku Chawama. Kunkatentha moti malata a nyumba yathu ankathetheka okha masana, koma ine ndinkayenda nditavala juzi yaubweya ya achimwene anga. Anthu ankati ndi malungo. Zoona zake n'zakuti tsiku lina ndikusamba m'bafa la masaka limene tinkasambamo mabanja anayi, dzanja langa linagunda kanthu kolimba m'bere lakumanja. Kanali ngati nzama, kosapweteka, ndipo ndikakakankha kankathawira pambali. Ndinaima pomwepo sopo n'kuumira pathupi, mpaka wina anatsokomola panja kundikumbutsa kuti bafa si langa ndekha.

Ndinali ndi zaka khumi, zisanu ndi chimodzi, koma za khansa ndinali nditamvako. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu anamwalira nayo, ndipo pamaliro ake anthu ankanong'onezana kuti inayambira m'bere. Basi, ndinadziweruza ndekha kuti ndikufa. Mpira wamanja ndinaleka, chakudya ndinkangochitosatosa, ndipo nsapato zanga za Lamulungu ndinapatsa mng'ono wanga ngati munthu wogawiratu chuma chamasiye. Iye anangolandira, kufunsa chifukwa ayi.

Kuuza amayi sindikanatha. Kwathu nkhani za thupi la mtsikana sizinkakambidwa ndi mayi wokubala. Zinkadzera kwa azakhali kapena agogo, ndipo athu anali kutali ku Katete. Amayi nawo ankangondiyang'ana cham'mbali akusanja tomato pathebulo lawo la m'mbali mwa msewu. Mtsikana wobisa thupi m'juzi, wosadya, wolira popanda womumenya, kwa iwo yankho linali limodzi lokha.

Anatuma bana Mwila, mayi wa Chibemba wa khomo loyandikana ndi lathu, amene sankadziwa kuzungulira nkhani. Anandiitanira m'nyumba mwawo ati ndikawathandize kusankha tinsomba ta kapenta, n'kutseka chitseko.

"Kamba chabe, mwana wanga, sinizakumenya. Mimba ni ya ndani?"

Ndinalira mpaka mamina. Kenako ndinagwira dzanja lawo lonunkha kapenta n'kuliika pa kachotupako. Anakakhudzakhudza, nkhope yawo inagwa, kenako anati mawa lomwe ndipite kukiliniki, ndipo ndisayerekeze kupakapo mankhwala a wina aliyense. Atakauza amayi, ndinamva kuseri kwa khoma amayi akuusa moyo kuti si mimba.

M'mawa mwake amayi sanayale tomato, chinthu chimene sankachita ngakhale pa Khirisimasi. Kukiliniki tinakhala pabenchi loyang'anana ndi la amayi oyembekezera, ndipo otidziwa ankatipatsa moni wautali maso ali pamimba panga. Manyazi anandigwira, koma mantha anali aakulu kuposa manyaziwo.

Titalowa, namwino anandiuza kuti ndivule. Ndinakana. Ndinagwira juzi ija ndi manja onse awiri, chifukwa ndinkaganiza kuti malinga ngati wina sanatchule dzina la matendawo, ndidakali moyo. Namwino anandinyengerera, kenako anayamba kutopa nane poti panja panali mzere wautali. Apo m'pamene amayi anaika kachikwama kawo pansi n'kuyamba kumasula mabatani a bulauzi yawo.

"Yambani na ine, ba sisita, aone kuti sivibaba," anatero amayi, kutanthauza kuti sizipweteka.

Namwino anaseka n'kuwagoneka pabedi. Kumanja anafulumira. Kumanzere zala zake zinaima, zinapitirira, zinabwereranso pomwe paja. Sanasekenso. Atatha anandipima ine, amene tsopano ndinali nditavula popanda wondiuza, ndipo analemba makalata awiri otitumiza kuchipatala chachikulu m'tauni.

Tinakwera maminibasi kambirimbiri tisanamve zotsatira. Kachotupa kanga madokotala anati si khansa. Anandiuza kuti atsikana ambiri amakhala nato totere, ngakhale kuti munthu sangadziwe pongokhudza yekha m'bafa. Ka amayi ndi kamene kanali khansa, koma inali isanafalikire. Anawachotsa bere lakumanzere, tsitsi lawo linathothoka ndi mankhwala, ndipo tomato tinkagulitsa ife mosinthana ndi bana Mwila. Inali miyezi yowawa, sindibisa. Koma amayi anachira, tsitsi linameranso, ndipo mng'ono wanga anabweza nsapato zija monyinyirika.

Lero ndimakhala ku Lilanda ndi ana anga aakazi awiri, ndipo zinthu zinasintha. Za mabere zimakambidwa pawailesi ndi m'magulu a amayi kutchalitchi, ndipo mwana wanga wamkulu amandiuza zinthu zimene nthawi zina ndimafuna kutseka makutu. Ndimamvetsera ndithu, ndikuthokoza mumtima.

Kwa zaka zonsezi ndakhala ndikutama amayi paliponse kuti analimba mtima, anavula pamaso pa mwana wawo kuti amuchotse mantha. Chaka chatha ndikuwaluka imvi zawo pakhonde, ndinayambanso kufotokozera adzukulu awo nkhani yomweyi. Amayi anandigwira dzanja kuti ndileke.

"Iwe, leka kunitamanda. Kanga nenze nakamvela kudala, mvula ikalibe kusila. Nenze kuyopa monga iwe."

Ndinaika chipeso pansi: kachotupa kawo anali atakamva kalekale, mvula isanathe. Miyezi yonse ija ankadzuka m'mamawa kukapikula tomato, kuphika, kutikalipira, atanyamula okha chinthu chimene ine chinandigonjetsa m'masabata atatu. Ndinawakwiyira pang'ono, kenako ndinawakumbatira. Mpaka lero sindidziwa kuti m'mawa uja ndani anaperekeza mnzake kuchipatala, koma ndikuthokoza Mulungu kuti palibe mwa ife amene anapita yekha.