Tsiku Limene Amayi Anatimeta Mpala

Fungo la parafini limandinyansa mpaka lero. Limandibwezera kuseri kwa nyumba yathu ku Lobi, amayi akutimeta mpala ine ndi mlongo wanga, kenako n'kutipaka parafini m'mutu.

"Akakufunsani kusukulu, mukanene kuti ndi nsabwe," anatero, maso ali psuu.

"Ine ndilibe nsabwe. Ababa akabwera ndikunenezani."

Bambo anga anali atatengedwa pagalimoto ya chipani atafunsa pamsonkhano chifukwa chomwe odwala opanda khadi la chipanicho amabwezedwera kuchipatala. Ine ndinkangoti apita kuulendo.

Ndinadziwa nditakula kuti kumeta kuja kunali kwa maliro, maliro opanda mtembo, oletsedwa kulira. Anawaphera funso limodzi basi, ndipo amene anawapereka akuimbabe kwaya kutchalitchi kwathu, palibe wamufunsapo kanthu.