Kachitsulo m'ketulo ya a Chipsera

Ndinawaona koyamba atagwada kumbuyo kwa galimoto yanga, akununkhiza utsi ngati munthu wofuna kudziwa ngati ndiwo zasasa. Anali bambo wamfupi, wa chipsera choyambira m'khosi mpaka pachigongono. Pagalaja ponse ankangowaitana kuti a Chipsera, iwo n'kumavomera.

Galimotoyo anandisiyira malemu amuna anga. Ndi imene ndimaperekera kusukulu mwana wanga, amene miyendo yake siyenda. Koma inayamba kutulutsa utsi wakuda, kumwa petulo ngati chidakwa, ndipo ikatentha inkakana kulira. Alamu anga, akulu awo a malemu, anagamula kuti injini yatha. Tsikulo anabwera ndi munthu wophwasula magalimoto, chingwe chokokera chili m'manja.

"Mlamu, chitsulo sachilirira," anatero alamu. "Makaniko akangoti yafa, ipite."

Ndinangogwedeza mutu. Pakamwa panga pamalemera pamaso pa anthu.

A Chipsera anatsegula boneti, kenako n'kukakhala pa tayala.

"Mukudikira chiyani, akulu?" anafunsa alamu.

"Izizire."

"Ife tili ndi zochita!"

"Inenso ndinali nazo, bwana," anayankha akuloza khosi lawo. Anatiuza kuti kale ankayendetsa malole. Tsiku lina, pothamangira katundu wa eni, anatsegula redieta ikuwira. Atatuluka m'chipatala anapeza lole ili ndi dalaivala wina, ndiye anayamba za sipanala. "Madzi otentha anandiphunzitsa kamodzi. Kalasi imeneyo sindibwereza."

Injini itazizira, anamasula kachitsulo kotalika ngati chala chachikulu. Anatembenukira kwa ine, osati kwa alamu.

"Mayi, aka ndi kasensa. Kamauza kompyuta ya galimoto ngati injini yatentha kapena ayi. Kakamanama kuti ikuzizira, kompyuta imangothira petulo wambiri."

Anateleka ketulo yawo ya tiyi pamoto, n'kuviikamo nsonga ya kachitsuloko, mawaya ake atawalumikiza ku mita ya manambala.

"Madzi akamatentha, manambala ayenera kutsika. Akatsika, aka kalibe mlandu, vuto lili kwina, mwina m'kati mwa injini. Akapanda kusuntha, wabodza tamugwira."

Tonse tinazungulira ketulo. Wophwasula uja anali atayamba kale kugogoda zitseko za galimoto, kumva kulimba kwake. Ine maso anali pa mita, mtima ukuti usasunthe, usasunthe. Ndinkaganiza za msewu wa kusukulu, ndi msana wanga, ndi mmene mwanayo walemerera.

Madzi anayamba kulira. Mwadzidzidzi manambala anaphethira.

"Eya! Atsika!" anafuula alamu. "Mangani chingwe, achimwene."

A Chipsera sanadzutse mutu n'komwe. Waya wina unali utapulumuka. Anaubwezera n'kuupana ndi chala, nthunzi ikuwaomba padzanja. Manambala anabwerera pomwe anali. Madzi anawira mpaka chivindikiro kuvina, koma manambala ali phee.

"Mita yanuyo ndi yakufa," anatero alamu.

"Mwina. Tiyeni tiifunse."

Anatenga kasensa kena m'kabati, n'kukalumikiza, n'kukaviika. Manambala anatsika ngati akuthamangitsidwa.

Atamanga kasensa kabwinoko pagalimoto n'kuwonjezera madzi, anailiza. Utsi unayamba wakuda, kenako unayera, kenako sunaonekenso. Anaisiya itenthe, anaizimitsa, n'kuilizanso. Inalira nthawi yomweyo. Wophwasula anakulunga chingwe chake, osatsanzika.

Galajayo inasamuka chaka chomwecho, ndipo a Chipsera sindinawaonenso. Koma tsikulo alamu anatambasula dzanja kuti alandire makiyi. A Chipsera analilambalala, n'kuika makiyiwo m'manja mwanga, ali ndi girizi.

"Yendetsani nokha, mayi. Mukamva fani yoziziritsa injini ikulira panjira, musaime ndi mantha. Ndiye kuti ikugwira ntchito."