Chitsulo cha Akapitawo

Chaka chimene ndinalembedwa ntchito pa esiteti, kandege kankabwera nthawi ya dzinja kudzawaza feteleza m'minda ya tiyi. Ine anandipatsa wailesi ya m'manja ndi mbendera yofiira. Ntchito yanga inali imodzi: pabwalo la kapinga pasapezeke munthu ndege ikamatera. Woyendetsa ndegeyo anandiuza kuti akadzadutsa m'munsi akupendeketsa mapiko uku ndi uku, wailesi ili zii, ndidziwe kuti magetsi a m'ndege azima. Injini imalirabe, koma iye sangandilankhule, sangaonenso mafuta amene atsala. Ndinazilemba m'kope n'kuziloweza ngati vesi.

Tsiku lina anadutsadi chomwecho. Ndinamuitana pa wailesi kanayi, osayankha.

Pabwalo panali amayi othyola tiyi, atatula madengu pakapinga. Ankakonda kudikirira sikelo pamenepo chifukwa kushedi koyezera tiyi kunali matope. Ambiri anali amsinkhu wa mayi anga, ena anandinyamulapo ndili khanda kwathu kwa Mphuka. Ndinathamanga, koma nditafika ndinavula chipewa n'kunyonyomala.

"Pepani amayi, mwaswera bwanji? Ndimapempha mutasunthako pang'ono."

"Taswera, mwanawe. Mwendo wa amako uja uli bwanji?" anafunsa wamkulu mwa iwo.

"Akupezako. Koma ndegeyi yavutika, ikufuna kutera."

"Imatera tikatha kuyeza. Dzulo inatero, dzana inatero."

"Lero magetsi ake azima."

"Masana ano magetsi ndi achiyani?" anatero wina. "Kwathu anazima Lolemba, koma tili moyo."

Onse anaseka. Ndege inazungulira kachiwiri, inatsika, inakweranso. Ndinagwedeza mbendera mwamphamvu, wina n'kunena kuti ndisendere ndizimukupiza nayo. Kukalipira munthu wamkulu sindinaphunzirepo.

Pamtengo wa bulugama, pafupi ndi shedi, pankalendewera chidutswa cha njanji. Ankachiimba akapitawo okha, sikelo ikatsegulidwa, ndipo aliyense ankathamangira kutsogolo kwa mzere chifukwa masamba akafota amapepuka. Ndinatola mwala, ndinathamangira komweko, ndinachimenya mpaka dzanja linachita dzanzi.

Bwalo linayera nthawi yomweyo. Ndege inatera, inadumpha kamodzi, n'kukaima kumapeto kwenikweni, mphuno ili pafupi ndi tiyi.

Koma sikelo inali yotseka, alembi anali asanabwere. Amayi aja anaima pamatope ola lathunthu, masamba akufota. Akapitawo anafika panjinga akupuma wefuwefu.

"Chitsulochi wakupatsa ndani, iwe?"

"Pepani, bwana. Ndege inali..."

"Ndakufunsa za ndege? Mawa udzatilipiranso malipiro ndiwe?"

Woyendetsa ndege anabwera thukuta lili kamukamu, anagwira akapitawo chanza n'kuwathokoza chifukwa chochotsa anthu mwachangu. Iwo analandira. Ine ndinali pambali, chipewa m'manja, ndikuyang'ana nsapato zanga.

Lamulungu nkhani inafika kwa mayi anga kutchalitchi, yoti mwana wawo wayamba kuseweretsa akuluakulu. Ndinakapepesa khomo ndi khomo, ndipo mpaka lero sindidziwa chimene ndinkapepesa. Ndinapempha kuofesi kuti andigulire wenzulo. Anati aona.

Lolemba amayi anali pakapinga pomwe paja, madengu ali ndandanda. Ndinawapatsa moni, awiri okha ndi amene anayankha. Chitsulo anandiletsa kuchiyandikira. Mwala uja ndinauika m'thumba la ovolosi, ndipo unakhala momwemo mpaka dzinja linatha.