Chaka Chimene Ndinatsekeredwa Pakhonde

Kuchokera pakhonde panga kukafika pachigafa ndi mapazi makumi atatu ndi anayi. Ndinawawerenga chaka chatha, poti ndinalibe china chochita. Ine amene ndikaitana ng'ombe amamva ndi a tsidya lina la dambo, amene ndinayamba kulima fodya wa bale kuno kwa Chulu ndisanamere ndevu, ndinakhala pampando ngati mlendo wodikira basi, ndikudzikanda ndi chitsononkho.

Sukulu ndinalekeza Sitandade 2, ndiye cholembera ndimachigwira ngati khasu. Koma nkhani iyi ndilemba ndekha, chifukwa ena akuikamba mokhota.

Matenda anabwera mvula itangoyamba. Zidzolo zinatuluka m'mikono, kenako pamsana, m'khosi, mpaka kuseri kwa maondo. Khungu linkatuwa n'kumasenda, ndikakanda linkatuluka madzi. Zitsamba ndinasamba, osathandiza. Mwana wanga wamkazi ndi amene anandikakamiza kupita kuchipatala cha ku boma. Kumeneko ndinapeza adokotala achitsikana, msinkhu wa mwana wangayo, olankhula motsitsa moti ndinkachita kuyandikitsa khutu. Anandipatsa timapiritsi toyera, tating'ono ngati njere za therere. Dzina lake anati puledinisoloni. Tisanu ndi kamodzi m'mawa uliwonse, nditadya.

Abale anga, timankhwala timeneto. Sabata isanathe khungu linauma. Maondo amene akhala akundilira zaka khumi anakhala chete. Ndinkadya za anthu awiri, masaya anatupa, anthu kutchalitchi n'kumati bambowa fodya wawayanja. Mawu anga anakwera kuposa kale. Ndinathyola fodya, kusoka, kupachika m'chigafa, aganyu ndikuwasiya m'mbuyo.

Nditabwerera kuchipatala ndinawathokoza adokotala mokweza mpaka odwala a panja anasuzumira. Ndinawapempha andipatsiretu a chaka chonse. Iwo anaseka pang'ono n'kunena kuti ayi, tsopano tiyamba kutsitsa. Anati mankhwalawa ukakhala nawo nthawi yaitali amafoola mafupa, amabweretsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi, koma ukawasiya mwadzidzidzi ndiye zoopsa zenizeni. Poona kuti kuwerenga kumandivuta, anajambula timadontho m'buku langa la kuchipatala: tisanu masabata awiri, tinayi masabata awiri, choncho mpaka kamodzi, mpaka theka. Anawonjezera kuti fumbi la fodya lisandikhudze kufikira khungu litalimba. Bukulo sanapatse ine. Anapatsa mayi a kunyumba, amene anandiperekeza.

Mayi a kunyumba salankhulalankhula, koma akanena anena. Anang'amba kope lakale la adzukulu, n'kukulunga mapiritsi a tsiku lililonse m'kapepala kakekake, n'kumanga timapepalato ndi ulusi m'mitolo ya masabata, zonse m'chitini cha tiyi. M'mawa ankabwera ndi phala ndi kapepala kamodzi, n'kuima pomwepo mpaka nditameza.

Pa tisanu ndi pa tinayi panalibe vuto. Titafika pa titatu, thupi linayamba kundikumbutsa zaka zanga. Linkaphwanya paliponse, m'mapewa, m'chiuno, m'zala, ngati ngolo yandiponda. Ndipo kuyabwa kunabwerera. Sikunali kuyabwa kwa udzudzu kumene umakanda n'kuiwala. Uku kunkayenda. Ukakanda pamkono kwathawira pamsana, pamene dzanja silifika. Ndinkakhula msana pa nsanamira ya khonde ngati ng'ombe pamtengo. Mafuta odzola amene anatipatsa kuchipatala ankathandiza kanthawi. Nsalu yoviika m'madzi a mumtsuko inkathandizako bwino. Malaya ankandilasa, ndiye ndinavula n'kumafunda chitenje cha mayi, mwamuna wamkulu ngati ine. Zikhadabo mayi anandiwenga mpaka pamnofu kuti ndisadzivulaze.

Ndiye nthawi yomweyo fodya anauma, wofunika kusankha.

Mundimvetse bwino apa. Kusankha fodya si ntchito ya maso okha. Umalawira chinyezi chisanachoke, tsamba likadali lofewa, ndipo zala ndi zimene zimakuuza ngati ili ndi la pansi, la pakati kapena la pamwamba, ngati lili ndi mnofu kapena ndi pepala chabe. Ofanana umawamanga pamodzi m'ndindi. Ukasakaniza, ndindi imodzi yolakwika imanyozetsa belo lonse ku okushoni. Ine chiyambire belo langa silinabwezedwepo. Zimenezi aliyense kuno amadziwa, ndipo amene sadziwa ndimamuuza.

Chaka chimenecho ntchito inagwera mkamwini wanga. Kwawo ndi kumpoto kwa boma lino, kumalire kumene amasakaniza ndi Chitumbuka. Ndi munthu waulemu, wolimbika, koma kwawoko ndi a chimanga ndi mtedza. Ndili pakhonde ndinkamuona akutembenuza tsamba padzuwa ngati akuwerenga kalata. Ndinkakuwa kuti limenelo si la pamenepo. Iye ankangoti, "Yewo, adada," n'kuliika pomwe ankafuna kuliika, poti pa mtunda umenewo ngakhale ineyo sindinkaona bwino.

Ndinapirira masiku anayi. Tsiku lachisanu ndinaganiza ngati mlimi. Fodya akayamba chikasu m'munda suchepetsa feteleza, umathira wina. Thupi langa linali litachita chikasu, ndipo mankhwala analipo m'chitini, akungokhala. Nanga katheka ka kumapeto kaja kadzachiritsa ndani? Mayi atapita kuchigayo ndinamasula mitolo ya masabata a kutsogolo, ya tiwiri ndi ya kamodzi, n'kutulutsa mapiritsi onse. M'malo mwake ndinaikamo mankhwala a mutu a mugolosale, amene ndinadula ndi lezala n'kuwanola pamwala mpaka anafanana. Ntchitoyo ndinaigwira mwaukhondo, ulusi n'kumanganso mfundo yake yomweyo. Maso a mayi ndi ofooka. Ndinadzitama mumtima.

Ndinabwerera pa tisanu ndi kamodzi: titatu ta mayi ndi phala, titatu tanga kuseri kwa nkhokwe. Patapita masiku atatu ndinalowa m'chigafa nditavala malaya. Mayi anandikumbutsa za fumbi, ine ndinawauza kuti thupi ndi langa, landiuza lokha kuti lachira. Mkamwini anandipatsa malo. Ndinamasula theka la ndindi zake n'kuyambiranso, ndikumufotokozera mokweza kuti aliyense amve. Masiku amenewo ndinali ine weniweni. Kuyabwa kunalipo ndithu fumbi likalowa m'malaya, koma kunali kutali, ngati galu wouwa kumudzi wina.

Chimene sindinaganize n'chakuti zobedwa zimatha. Tanga ta kuseri kwa nkhokwe tinatha fodya atasankhidwa theka lokha, ndipo sabata yomweyo mayi anafika pa mtolo wa tiwiri. Anandipatsa kapepala, ndinatsegula, ndinaona ntchito ya manja anga. Anaima pomwepo monga mwa masiku onse. Ndinameza.

Apa m'pamene ndinadziwa kuti ndadzitchera ndekha. Ndikaulula, ndiye kuti ine, mkulu wa pakhomo, ndinaba m'chitini cha tiyi ngati mwana wakuba shuga. Ndikakhala chete, ndiye kuti ndadumpha kuchoka pa tisanu ndi kamodzi kufika popanda kanthu, chija adokotala anati n'choopsa. Tsiku lobwerera kuchipatala linali kutsogolo mwezi wathunthu. Sindinaulule. Ndinati thupi limene lasenza mabelo zaka zonsezi silingagonje chifukwa cha njere za therere.

Tsiku loyamba ndinangofooka. Lachiwiri chakudya chinakana kulowa, molumikizira mafupa monse munkawawa ngati akhomamo misomali, ndipo zidzolo zinabuka zofiira kuposa poyamba, mpaka m'zikope. Mayi ankati mwina ndi malungo. Lachitatu ndinakakamira kupita kuchigafa. Ndikukumbuka nditatola tsamba, zala osamva kanthu, denga likuzungulira. Ndinasanza pa mulu wa fodya wosankha kale, wa pakati, wabwino kwambiri uja. Kenako mdima.

Ananditengera pangolo mpaka kumsewu, kuchoka apo pagalimoto ya matola. Ndinatsitsimuka ndili ndi diripi pamkono. Adokotala aja anafunsa ngati ndinasiya mankhwala. Mayi anayankha msanga kuti ayi, sindinadumphe ndi tsiku limodzi lomwe, ndipo anatulutsa chitini m'chikwama kuti aone okha. Adokotala anatsegula kapepala kamodzi, n'kutembenuza kapiritsi pachikhatho, n'kuyamba kuwafunsa mayi mwaulemu ngati mwina anasokoneza ndi mankhwala ena a m'nyumba. Ndinaona nkhope ya mayi ikugwa. Anayamba kuwerenga masabata ndi zala, kufunafuna pamene analakwitsa, poganiza kuti ndi iwo amene andipha.

"Asiyeni mayiwo," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono, osakhala anga. "Ndinasintha ndine. Ndinachita kunola pamwala."

Adokotala anayang'ananso kapiritsiko. "Agogo, luso muli nalo," anatero, "koma mukanafa nalo."

Anafotokoza kuti thupi limapanga lokha mankhwala ofanana ndi amenewa, koma likamalandira a kunja limagona, ndipo kulidzutsa kumafuna pang'onopang'ono. Anati tiyambiranso kumwamba, ndipo ulendo uno titsika mochedwa kuposa poyamba. Kuphwanya ndi kuyabwa kungabwerenso potsikapo, anatero, ndipo zikafika posapiririka ndibwere kwa iwo, ndisadzipangire ndekha. Kuchigafa ayi. Ndinafunsa ngati ndingamaimeko pakhomo chabe, osalowa. Anati ayi yemweyo.

Titatuluka m'chipatala n'kufika kunyumba, mayi anatenga mafuta odzola aja. Akundipaka mafuta pamsana m'pamene anati, "Inu bambo, pa nazale mbande zikayandikira kuwokera, madzi mumachepetsa bwanji? Si inu mumatikalipira tikathira ambiri, n'kutikalipiranso tikasiyiratu?"

"Ine si mbande," ndinatero.

"Eya. Mbande siziba."

Chitini chinasamukira kwa mwana wanga wamkazi, m'sutikesi ya loko. Ine ndinabwerera pampando, m'chitenje, ndi chitsononkho changa ndi nsalu yonyowa. Anthu odutsa ankafunsa kuti mawu a bambowa apita kuti. Theka lotsala la fodya anasankha mkamwini, ndipo sindinakuwe. Ndinamva kulira kwa jeke akudinda mabelo, ndinaona akusoka ziguduli, ndinaona akukweza pagalimoto, ine osagwirako ndi tsamba limodzi lomwe. Mulu umene ndinasanzira uja anataya kudzala.

Mkamwini atabwerako ku okushoni anadzanyonyomala pansi pa khonde n'kundiuza kuti mabelo adutsa, palibe lobwezedwa. Ndinamufunsa kuti ati, anga aja kapena ake. Anati, "Onse, adada." Ndinafunafuna chokalipira, osachipeza. Ndinamuuza kuti wachita bwino, koma motsitsa moti anachita kuyandikitsa khutu.

Tsiku limenelo ndinali nditafikanso pa titatu, ndipo pakati pa msana panali patayamba kale kuyabwa. Ndinadikira achoke kaye, kenako ndinasendera ku nsanamira.