Mutu Umene Mfumu Inalephera Kudula

Chaka changa chachiwiri ku Canada ndinkagwira ntchito m'kashopu koika zithunzi m'mafelemu ku Brampton. Mwini shopu anali bambo wachikulire wa ku India, wosakonda zolankhulalankhula. Ndi iwo amene anandiphunzitsa kudula galasi osadzicheka zala.

Tsiku lina masana kunabwera kasitomala wovala suti, mwini kampani ya malole. Anatambasula chithunzi patebulo n'kunena kuti akufuna felemu yagolide, akachipachike muofesi mwake. Chinali chokopedwa ku zithunzi zakale za m'nyumba za mafumu a ku India, zing'onozing'ono ngati tsamba la buku koma zodzaza tinthu. Mfumu inaima pamwamba pa dziko lozungulira ngati mpira, mikanda ya ngale ili lendelende pachifuwa, itakoka uta. Ndinalondola muviwo ndi maso. Unkaloza mutu wodulidwa, wosomekedwa pa mkondo, kukamwa kuli yasa. Mutuwo unali wakuda ngati wanga.

Kasitomala atatuluka, ndinachikankhira kumbali.

"Ichi sindichigwira, bambo," ndinauza abwana anga.

"Chavuta n'chiyani, mwananga?"

"Taonani nkhopeyo. Ineyo ndiipukutire galasi kuti anthu aziiona bwino?"

Anavala mandala awo n'kuwerama.

"Munthu uyu anachokera kwanu ku Africa," anatero. "Anamugulitsa ali mwana, n'kumugulitsanso kangapo mpaka anafika ku India. Atakula anakhala mkulu wa asilikali chakummwera, ndipo ndiye ankasankha wokhala pampando wa ufumu kumeneko. Mfumu ukuionayi inamutumizira magulu a nkhondo, inanyengerera anzake kuti amupereke, koma zonse zinakanika. Anamwalira ndi ukalamba, mutu uli pakhosi pake."

"Nanga chithunzichi chikunena chiyani?"

"Wojambulayo ankadya kunyumba kwa mfumu. Akanajambula chiyani china?"

Mtima sunatsike. Anthu olowa muofesi ija sadzamva zimene ndamva ine. Adzangoona munthu wakuda wogonjetsedwa. Ndinawauza kuti felemu ndipanga, koma pansi pa chithunzi ndiikapo kapepala konena zoona.

"Kasitomala ameneyu amatibweretsera ntchito yambiri, ukudziwa?"

"Ndikudziwa. Ngati simukufuna, mupange nokha. Kaya mundichotse."

Analowa kuseri n'kukatereka tiyi.

Felemuyo ndinaipanga mosamala kuposa ina iliyonse imene ndinapangapo. Pakapepalako ndinalemba m'Chingelezi mawu ochepa: kuti muviwu sunafike, ndipo mwini mutuwu anafa ali nkhalamba, osagonja.

Loweruka kasitomala uja anabwera. Anawerenga, nkhope n'kusintha.

"Walemba izi ndani?"

"Ndine," ndinatero.

"Ine sindinapemphe phunziro la mbiri yakale. Chotsani."

"Kumbuyo kuli timisomali khumi ndi tiwiri. Mukhoza kuzula nokha. Manja angawa ayi."

Anatembenukira kwa abwana anga, kudikira kuti andikalipire. Iwo anangopinda manja n'kunena kuti mtsikanayu sanalembe bodza. Munthu uja ananyamula chithunzi chake, kapepala kali momwemo, n'kumenyetsa chitseko. Sanabwerenso, ndipo sindikudziwa ngati anakachotsa.

Masiku awiri abwana sanandilankhule, kupatula kundilozera ntchito ndi chala. Ine sindinapepese. Lachitatu m'mawa, basi yanga itachedwa ndi chipale chofewa, ndinawapeza akundidikira pakhomo, akunjenjemera ndi kuzizira. Anandipatsa kiyi wa shopu n'kunena kuti kuyambira mawa ndizitsegula ndine.